Funsani Tikuyankheni: Ndiyambe ndi .243 kapena .303?

Funso: Akonzi, ndine M'malawi wokhazikika ku Polokwane, m'dziko la South Africa, ndipo kwa zaka ziwiri ndakhala ndikudzaza ndekha zipolopolo za mfuti yanga yosakira nyama ya .308 Winchester. Ndili ndi ziphaso za mfuti zina ziwiri, ya .243 Winchester ndi ya .303 British ya mtundu wa Lee-Enfield imene anandisiyira malemu apongozi anga. Ndili ndi ndalama zondikwanira kugula zida zodzazira zipolopolo za mtundu umodzi wokha chaka chino. Kodi ndiyambe ndi uti?

Yankho: Bambo, yambani ndi .243, ngakhale ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa mfuti ya apongozi.

Chipolopolo cha .243 Winchester chinatuluka mu 1955, ndipo chigoba chake ndi chomwecho cha .308 cha mu 1952, kungoti khosi lake analichepetsa kuti ligwire mutu wa mamilimita 6. Choncho kachitsulo kogwirira chigoba pa press yanu (makina odzazira zipolopolo) ndi ma primer (tizitsulo ta pansi pa chigoba toyatsa wonga) amene mwazolowera zigwirabe ntchito, ndipo chongogula ndi ma dies (zitsulo zofinyira chigoba ndi kulowetsa mutu), mitu ya zipolopolo ndi wonga woyenera, umene nthawi zambiri umakhala woyaka pang'onopang'ono kuposa wa .308. Mfutiyi sikankha phewa kwambiri, ndipo ndi yokwanira pa nswala ndi njiri, kotero mudzaiwombera kawirikawiri, zimene zidzabweza msanga ndalama zanu. Kuipa kwake ndi kwakuti mpope wake umatha msanga kuposa wa .308 ngati muwombera motsatizana mpopewo uli wotentha.

Kufanana kwa zigoba ziwirizi ndi kumenenso kumandidetsa nkhawa. Zisungeni m'mabokosi osiyana olembedwa bwino, ndipo patebulo pasakhale mitundu iwiri ya wonga nthawi imodzi. Muyezo wa wonga wa .308 musausamutsire ku .243, tsegulani buku la kampani yopanga wongawo, muyambire pa muyezo wotsikitsitsa umene alemba, n'kumakwera pang'onopang'ono uku mukuyang'ana chigoba chilichonse.

Za .303 British, ulemu wake ndi waukulu. Chipolopolochi chinayamba kugwiritsidwa ntchito ndi asilikali a Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ndipo Lee-Enfield ndiyo mfuti imene agogo athu a ku Nyasaland ananyamula m'gulu la asilikali la King's African Rifles pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Koma kwa munthu wodzaza yekha, imafuna kuleza mtima. Zigoba zambiri zakale za asilikali zili ndi primer ya Berdan, yokhala ndi timabowo tiwiri, imene singachotsedwe ndi kasingano ka ma dies wamba, kasinganoko kamangothyoka. Mufunika zigoba za Boxer, za bowo limodzi pakati. Mitu yake ndi ya .311 kapena .312, choncho ya .308 imene muli nayo singakupatseni kulunjika kwabwino. Chovuta kwambiri n'chakuti chipinda cha chipolopolo mu Lee-Enfield anachipanga chotakasuka kuti mfuti izigwirabe ntchito m'matope, ndipo bolt yake (chitsulo chotsekera chipolopolo m'chipindamo) imatsekera kumbuyo, motero chigoba chimatamuka pa kuwombera kulikonse mpaka kuduka chakumunsi ngati muchifinya chonse mobwerezabwereza. Odziwa amangofinya khosi lokha, ndipo amapisa kawaya kopinda m'kati kuti amve ngati mkuwa wayamba kupyapyala. Luso limeneli mudzalipeza bwino chaka chamawa, mutapita nayo kaye mfutiyo kwa mmisiri wa mfuti kuti aone headspace yake, kutanthauza mpata umene chigoba chimakhala nawo m'chipindamo bolt ikatsekedwa.

Musaiwalenso lamulo la Firearms Control Act la mu 2000, limene limakulolani kudzaza zipolopolo za mfuti zokhazo zimene muli ndi chiphaso chake, ndi kusunga ma primer osapitirira 2,400 pa mfuti iliyonse, pokhapokha mutalembetsedwa ngati mlenje kapena wamasewera wodzipereka. Musanalipire ma dies, pitani kusitolo ya kwanuko mukatsimikize kuti wonga wa .243 ulipodi pa shelefu, chifukwa wonga wa Somchem, wopangidwa m'South Africa momwemo, wakhala ukusowa nthawi zina chichitikire ngozi ya kuphulika kwa fakitale yake ya ku Macassar, pafupi ndi Cape Town, mu 2018.