Yankho kwa mayi amene afunsa za kugona mosaopa akuba m'kalavani kuno ku UK

Mayi, mwati mwagula kalavani yokoka ndi galimoto, yogwiritsidwapo kale ntchito, mukufuna kumapita nayo kokagona ndi ana kumapeto a sabata, koma loko wa chitseko chake sakukupatsani mtendere. Mwafunsanso ngati mungaike loko wamkulu wakunja ngati amene mwaona pa makalavani ena. Nkhawa yanu ndi yoona, koma pa loko wakunjayo dikirani kaye.

Zida zambiri zotetezera kalavani zimene amagulitsa m'masitolo anazipangira nthawi imene mulibe munthu mkatimo. Mukakhala muli mkati nkhani imasintha, chifukwa chilichonse chimene mwatsekera wakuba chiyenera kutseguka ndi dzanja limodzi, mumdima, popanda kiyi. Kalavani ndi matabwa opyapyala, pulasitiki, matiresi ndi silinda ya gasi. Moto ukabuka sikhalitsa, ndipo chitseko ndi chimodzi chokha. Maloko otchinga chitseko kunja, monga ena a Fiamma ndi Milenco, ndi abwino mukamachoka. Koma mukalowa n'kumusiya lokoyo ali lende osamukhoma pamalo otsegula, munthu aliyense wodutsa, ngakhale mwana wosewera, akhoza kumutembenuza n'kukutsekerani mkati. Ngati mukugula, funsani mtundu umene uli ndi chotembenuzira mkati. Ngati muli naye kale wakunja yekha, usiku uliwonse muzimukhoma ndi kiyi ali potsegula.

Tsopano chitsekocho. Chimatsegukira kunja, n'chopepuka, ndipo kamano ka loko kamangolowa pang'ono m'felemu ya aluminiyamu. Wakuba sataya nthawi ndi kiyi: amalowetsa sikuludiraiva pabowo la kiyi n'kupotoza mwamphamvu, kapena amakanula m'mphepete mpaka chitseko chitapindika. Makalavani ambiri ali ndi chitseko chogawika pawiri, ndipo theka lapansi limagwidwa ndi kachingwinjiri kamodzi kokha. Kakakhala kolobodoka, mbali yapansi imasuntha ngakhale yapamwamba ili yokhoma. Yambani ndi zosadula. Limbitsani masikuluu a mahinjesi ndi a kachitsulo kolandira loko pafelemu, chifukwa kugwedezeka kwa pamsewu kumawamasula. Kenako pezani lamba wansalu wolimba wokhala ndi chomangira chodina kamodzi n'kumasuka, mumudutsitse pa chogwirira chitseko mkati n'kumumangirira ku chinthu cholimba ngati mwendo wa mpando umene uli womangidwa pansi. Musamangirire ku chitseko cha kabati, chimazuka ndi masikuluu ake omwe. Lamba sangaletse munthu wotsimikiza, koma amachititsa kuti chitseko chisatseguke mwakachetechete, ndipo mbava ya pamalo ogona anthu imadana kwambiri ndi phokoso.

Mukafuna kuika loko wachiwiri weniweni, dziwani kuti khoma la kalavani n'lokhuthala pafupifupi mamilimita 25 mpaka 30, ndipo pakati pake ndi thovu loyera lija la polystyrene. Sikuluu yongobayidwa m'menemo sigwira kanthu. Pamafunika mabawuti odutsa khoma lonse ndi kachitsulo kaphanthiphanthi mkati kogawa mphamvu. Musanaboole, onetsetsani pamene padutsa mawaya a nyale yapakhomo, chifukwa kawirikawiri amayenda m'mbali mwa chitseko momwemo. Mabowo mumate ndi Sikaflex 522 kapena china chopangira makalavani, osati silicone wa kubafa amene amamatuka ndi kugwedezeka. Bowo losamatidwa bwino limalowetsa madzi, khoma n'kuola mkati inu osadziwa, ndipo kukonza chinyezi kumadula kuposa zimene wakuba akanatenga. Ngati kalavaniyo ikadali pa chitsimikizo cha kampani chokhudza kulowa kwa madzi, chimene kwa opanga ambiri chimakhala cha zaka 6 kapena 10, musaboole nokha; pitani kwa okonza ovomerezeka kuti chitsimikizocho chisafe.

Chitseko mukachilimbitsa, pofooka pamatsala mawindo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Mawindowo si galasi, ndi pulasitiki ya acrylic, yopachikidwa pamwamba, yogwidwa ndi tizogwirira tapulasitiki. Tizogwirirati tili ndi malo awiri: potseka kwathunthu, ndi posiya kampata kolowa mphepo. Kampatako n'kokwanira kulowetsa waya kapena mpeni n'kukankha chogwirira. Usiku mawindo onse apansi akhale otsekeratu, makamaka la pafupi ndi chitseko, poti dzanja likalowa pamenepo limafika pa loko. Mphepo ilowere padenga, kazenera kapamwamba katakhomedwa pa mpata woyamba. Ngati tizogwirira tanu n'takale topanda batani lodina, sinthani ndi tokhala ndi batani. Onani dzina la wopanga pakona ya windo, monga Polyplastic kapena Seitz, kuti mugule togwirizana. Makatani ndi zotchinga zamkati muzitseka dzuwa likalowa, osati pogona, chifukwa nyale ikayaka mkati munthu wakunja amaona zonse: pamene pali foni, pamene pali chikwama, pamene mwapachika makiyi.

Chenjezo limodzi lalikulu. Pansi ndi padenga pa kalavani pali timabowo tolowetsa mpweya timene sititsekeka. Ena amatitseka ndi nsanza kapena tepi poopa kuzizira, kapena poopa nkhani ija yakuti akuba amapopera gasi wogonetsa anthu. Bungwe la madokotala ogonetsa odwala kuno, Royal College of Anaesthetists, linanena poyera kuti nkhani ya gasi wogonetsayo ndi nthano chabe. Choopsa chenicheni ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu kwathu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Timaboworo tisiyeni, ndipo gulani alamu ya mpweyawu yolembedwa BS EN 50291-2, imene anaiyesera makalavani ndi maboti, pamodzi ndi alamu ya utsi. Chowotchera nyama, ngakhale makala akuoneka kuti azima, chisalowe mkati kapena mu awning, tenti yomangirira m'mbali mwa kalavani.

Za alamu ya akuba: yobwera ndi kalavani nthawi zambiri ili ndi kadiso kozindikira kuyenda kwa munthu mkati, ndiye mukaitchera muli momwemo idzalira mwana akangodzuka kupita kuchimbudzi. Werengani kabuku kake. Zambiri zimalola kuzimitsa kadisoko n'kusiya mbali yozindikira kupendeka kapena kukhudzidwa kwa miyendo ya m'makona. Kwa mawindo ndi chitseko, tialamu tating'ono ta maginito toyendera timabatire timagwira ntchito bwino ndipo n'totsika mtengo. Vuto lake ndi kumatuka chifukwa cha thukuta la m'mawindo m'mawa. Pukutani malowo aume musanamate, koma pa acrylic musagwiritse sipiriti kapena mankhwala otsukira magalasi, amang'ambitsa pulasitikiyo timing'alu tambirimbiri; madzi a sopo akwanira. Kunja ikani kanyale koyaka kakaona munthu, kolozetsa pansi pakhomo panu, osati pa windo la anansi, kuopa kudana nawo usiku woyamba.

Pali khomo lina limene eni makalavani amaiwala: zitseko zazing'ono zam'mbali zosungira katundu. Zina zimatulukira pansi pa bedi kapena pansi pa mpando, ndipo munthu wochepa thupi akhoza kudutsa n'kutukula thabwa la pamwamba. Tsegulani chilichonse masana muone kumene chikufika. Chimene chikulowa mkati, ikani kabawuti pa thabwalo kuchokera mkati. Kabati ya kutsogolo ya masilinda a gasi ikhomeni, koma kiyi wake akhale pamalo amodzi odziwika kwa akuluakulu onse, kuti wina athe kukatseka gasi mwachangu.

Kunena zoona, pa malo ogona ovomerezeka si kawirikawiri munthu kuthyola kalavani muli anthu. Zimene zimasowa ndi zakunja: njinga, bokosi loziziritsira zakumwa, nsapato zodula, mipando, zonse zosiyidwa mu awning. Awning ndi nsalu, lumo limodzi latha, ndiye loko pa zipi yake ndi wopanda ntchito, komanso akhoza kukutsekerezani pothawa. Mangani zipi mkati ndi kakolowekero kosavuta kumasula, mupachikepo kabelu. Njinga zimangeni ndi unyolo wa mlingo wa Sold Secure Gold (chizindikiro cha maloko oyesedwa kulimba kwake), wodutsa pa felemu ya njinga ndi pa chitsulo cha kutsogolo cha kalavani, popanda kupanikiza mawaya kapena chingwe cha mabuleki.

Makiyi a galimoto ndi nkhani payokha. Ngati galimoto yanu ndi yotseguka kiyi akangoyandikira, kumbukirani kuti yaima mamita awiri okha kuchokera pamene mwagona, ndipo khoma la kalavani silitchinga kanthu. Nthawi zina galimoto imatseguka munthu akangogwira chogwirira, kiyi ali mkati mwa kalavani. Yesani nokha masana. Ikani makiyi onse, ndi apadera omwe, m'kathumba ka Faraday, kamene kamatchinga mauthenga a kiyi kuti asafike ku galimoto, ndipo kathumbako kakhale pafupi ndi mutu wanu, osati pa kolowekero ya pakhomo. Wheel clamp (chitsulo chokhoma tayala) ndi loko wa hitch (polumikizira kalavani ku galimoto) zikhale zomangidwa ngakhale muli momwemo. Makampani ambiri a inshulansi amafuna zonse ziwiri kalavani ikamasulidwa ku galimoto n'kusiyidwa yokha, ndipo kupita kosamba kapena kusitolo n'kuisiya yokha kumene. Werengani pepala lanu muone mawu ake enieni. Popeza mwagula kwa munthu, onaninso kuti nambala ya zilembo 17 yolembedwa pa mawindo ikufanana ndi ya pa chitsulo chapansi ndi ya pa chikalata cha CRiS, kaundula wa makalavani kuno ku UK, ndipo musinthe kaundula akhale m'dzina lanu.

Kumene mwaima kumateteza kuposa loko aliyense. Malo a Caravan and Motorhome Club ndi a Camping and Caravanning Club amakhala ndi oyang'anira, ambiri ali ndi chotchinga pageti usiku. Pa ulendo woyamba ndi ana, sankhani amenewo kusiyana ndi timalo tating'ono ta kumafamu tolandira makalavani asanu okha, ngakhale timenetinso n'tabata. Pemphani malo oonekera, osati kumapeto pafupi ndi mpanda kapena kanjira ka anthu oyenda pansi. Apatseni moni anansi mukafika. Munthu amene mwalankhula naye madzulo ndi amene amasuzumira akamva phokoso. Kugona m'mbali mwa msewu kukhale kwa pangozi basi, ndipo mukadzawolokera ku France musagone pa malo opumira a m'misewu ikuluikulu, chifukwa kumeneko ndi kumene kubera anthu ali m'tulo kumamvekera kwambiri.

Mukamva wina akugwedeza chitseko, musatsegule ndipo musatuluke. Yatsani nyale zonse, lankhulani mokweza kuti adziwe kuti mwadzuka, imbani 999. Ngati simungathe kulankhula, imbanibe pa foni yam'manja, mvetserani, ndipo mukauzidwa dinani 55. Mukangofika pamalo, lembani pa kapepala dzina la malowo, postcode, nambala ya pamene mwaima ndi nambala ya woyang'anira, mumate pafupi ndi bedi, chifukwa pakati pausiku mutu sugwira. Amene anakhalapo ku Joni asatengere za kumeneko: pepper spray ndi zida zogwiritsa shoko n'zoletsedwa kuno pansi pa Firearms Act 1968, ndipo kungopezeka nazo ndi mlandu waukulu. Tochi yowala kwambiri ndi wezulo zikukwanirani. Ngati mwazindikira m'mawa kuti china chasowa, imbani 101, nambala ya apolisi ya nkhani zosafunika changu, tengani nambala ya mlandu imene a inshulansi adzaifuna, ndipo jambulani pothyoledwapo musanakonze.

Musananyamuke, yesererani ndi ana pakhomo panu madzulo nyale zitazima: aliyense amasule lamba uja, atsegule chitseko, ndipo adziwe windo lalikulu limene angatulukire chitseko chikakanika. Ngati mwana wamkulu akulephera kutsegula yekha, chimene mwaikacho chichotseni mupeze china.