Chizungulirecho si prana ayi, achemwali

Achemwali, mwati mwayamba kapalabhati, kapumidwe ka yoga kotulutsa mpweya mwamphamvu ndi mofulumira, poonera pa YouTube, ndipo mukafika pakati mumamva chizungulire, zala ndi milomo n'kuchita dzanzi, ndiye mukufunsa ngati prana, mphamvu ya moyo imene a yoga amanena, yayamba kuyenda. Ayi ndithu. Mukutulutsa mpweya mofulumira kwambiri moti carbon dioxide akuchepa m'magazi. Akachepa, mitsempha yopititsa magazi ku ubongo imafinyika, n'chifukwa chake mutu umazungulira. Dzanzilonso gwero lake ndi lomwelo. Zikayamba siyani pomwepo, tsekani pakamwa, muzipuma pang'onopang'ono ndi mphuno mpaka zithe.

Kwa aphunzitsi a yoga a ku India, prana ndi mphamvu ya moyo yoyenda m'tinjira tosaoneka totchedwa nadi. Buku la Hatha Yoga Pradipika, la m'zaka za m'ma 1400, limati tilipo 72,000, koma tikuluikulu ndi titatu: ida ya ku mphuno ya kumanzere, pingala ya kumanja, ndi sushumna yodutsa pakati potsata msana. Dokotala atang'amba thupi sangazipeze, ndi chiphunzitso, ndipo kuchikhulupirira kapena ayi zili kwa inu. Koma ngakhale bukulo silinena kuti muzidzikakamiza. Limachenjeza kuti mpweya umawetedwa pang'onopang'ono ngati mkango kapena njovu, ukapupuluma umakutembenukira.

Ndiye bwererani poyambira, pa nadi shodhana, kupuma mosinthanitsa mphuno. Khalani msana uli chilili, pampando palibe vuto. Kudzanja lamanja pindani chala cha mkombaphala ndi chapakati. Tsekani mphuno ya kumanja ndi chala chachikulu, kokani mpweya ndi ya kumanzere mukuwerenga mpaka 4. Tsekani ya kumanzere ndi chala cha mphete, tsegulani ya kumanja, tulutsani mpaka 4. Kokerani kumanja komweko, tulutsirani kumanzere. Pamenepo mwazungulira kamodzi. Mphindi 5 zakwana, m'mawa musanadye, kapena patapita maola atatu mutadya nsima. Zikamayenda bwino kwa sabata imodzi kapena ziwiri, talikitsani potulutsa pokha, kukoka 4 kutulutsa 6, kenako 4 ndi 8.

Ambiri amalakwa apa: amakanikiza chala mpaka mphuno kupindika, n'kutseka ndi bowo linalo. Kungokhudza m'mbali basi. Ena amakweza mapewa pokoka, pamene chofunika kutukuka ndi mimba ndi nthiti za m'munsi. Mukaona kuti mpweya wotsatira mukuukoka mophupha ngati mwathamanga, mwapyola muyeso wanu, chepetsani manambala. Mphuno ina ikamaoneka yothina musadabwe, mphuno zimasinthana zokha pakapita maola angapo. Chimfine chikatseka, dikirani muchire.

Mudzamvanso za kumbhaka, kugwira mpweya, ndi muyeso wa 1:4:2, kutanthauza kukoka 4, kugwira 16, kutulutsa 8. Zimenezo musadziphunzitse nokha pa foni, pamafunika mphunzitsi wokuonani ndi maso.

Kapalabhati mukadzabwererako, yambani ndi kutulutsa ka 20 kokha, kamodzi pa sekondi, mimba ndiyo izikankha, mpweya uzilowa wokha. Pumulani musanabwereze. Koma ngati muli oyembekezera, muli ndi BP yokwera, matenda a mtima kapena khunyu, kapena munachitidwa opaleshoni ya m'mimba posachedwa, kapalabhati ndi kumbhaka zisiyeni. Ndipo chizungulirecho chikamabwera ngakhale musakuchita zimenezi, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi kuchuluka kwa magazi.