Yankho kwa amayi amene afunsa za apusi a ku Lingadzi

Amayi, mwafunsa chifukwa chake apusi obwera kumunda kwanu kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi amangodzaza chimanga m'kamwa n'kuthawa osatafuna, komanso ngati mungamawaikire nthochi ndi buledi kuti asiye kuba.

Tiyambe ndi masayawo. Pusi, nyani ndi nchima ali ndi timatumba tiwiri m'masaya, kumanja ndi kumanzere. Zipatso monga nkhuyu zimapsa pamtengo umodzi, gulu lonse n'kumalimbirana, pomwe pansi pali agalu ndi anthu. Ndiye pusi amalonga msanga m'timatumbamo, kukwera pamwamba, n'kumakankha tsaya ndi dzanja kuti chakudya chibwerere m'kamwa atafune pamtendere. Malovu amakhala atayamba kale kuchifewetsa.

Mano ali nawo 32 ngati ife. Mano aatali akuthwa a nyani wamphongo aja sakhala odyera kwenikweni, ndi omenyerana ndi kuopsezera. Ntchito yodya ili pa mano akumbuyo ndi zala. M'chilimwe zipatso zikasowa, nyani amakhala pansi kukumba mizu ya udzu ndi ya zomera zina, kusasa dothi, kudya kamodzikamodzi kwa maola ambiri.

Kukula kwa thupi ndiko kumalamula zambiri. Mwa nyama za m'gulu la apusi ndi achanga, yosakwana magalamu 500 singakhalire masamba, chifukwa thupi laling'ono limatha mphamvu msanga pomwe masamba amachedwa kugayika. Onani changa wamng'ono, wolemera magalamu 150 mpaka 200: amadya tizilombo ndi utomoni wa mitengo ngati mthethe. Mano ake 6 akutsogolo m'munsi anatsamira kunja ngati chipeso, ndipo ndi amene amapalira utomoniwo. Kumbali ina kuli colobus, mtundu wina wa pusi wopezeka ku Tanzania ndi Kenya, wodya masamba. Iyeyu alibe timatumba m'masaya, koma chifu chake chili ndi zigawo momwe mabakiteriya amawoletsa masamba, pafupifupi ngati mbuzi. N'chifukwa chake akadya amangokhala phee nthawi yaitali. Mukamupatsa zotsekemera, m'chifumo mumachuluka asidi ndi mpweya, mimba kutupa, mwinanso kufa.

Pusi safa msanga chonchi, koma musamupatse. Nthochi zathu zolima zili ndi shuga wambiri kuposa zipatso zakutchire, zotafuna zochepa, ndipo buledi ndiye woipiratu. Mano amawola, thupi limanenepa, matenda a shuga amayamba. Ku Amboseli, ku Kenya, anyani aakazi odya kudzala ankalemera pafupifupi makilogalamu 17 pomwe anzawo akutchire ankalemera 11. Choopsa kwambiri kwa ine n'chakuti pusi wozolowera kupatsidwa amasiya kuopa anthu, ndipo woyamba kulumidwa amakhala mwana atagwira chigumu m'manja. Kubanso sikutha, amangoitana anzawo.

Chitani izi. Bini ikhale ndi chivindikiro chomangidwa ndi waya, popeza zala za pusi zimatsegula chongovindikira. Makoko ndi mkute musataye poyera, kwirirani. Mango, mapapaya ndi nthochi thyolani zikangoyamba kupsa, zikapsere m'nyumba. Londerani munda m'mamawa ndi madzulo dzuwa likupendeka, nthawi imene amadya kwambiri, ndipo aliyense pakhomopo aziwathamangitsa, osati ena kuthamangitsa ena kuwaponyera chakudya. Mukapeza wovulala kapena kamwana kosiyidwa, musakasunge pakhomo. Dziwitsani a Lilongwe Wildlife Centre.