Apongozi ako a ku Steinbach udzawakumbukire ndi ntchito za manja awo

Mnyamata wina wa kwathu, amene anakwatira mtsikana wa ku Steinbach m'chigawo cha Manitoba ku Canada, wandilembera kuti apongozi ake aamuna atisiya. Malemuwa anali a mpingo wa Amenonaiti, mlimi wa tirigu ndi ng'ombe za mkaka, ndipo abale amupempha mkamwiniyu kuti adzalankhule pa tsiku loika maliro. Akuti mtima wake sukukhazikika chifukwa pakhomopo palibe akulira mokweza ngakhale ogona pa siwa, komanso sakudziwa chodzanena za munthu amene analibe udindo uliwonse, amene "ankangogwira ntchito basi".

Pepa kwambiri, mdzukulu wanga. Ine ndinakhalako kwa mwana wanga ku Winnipeg, pafupifupi makilomita 60 kuchokera ku Steinbach, ndipo ndinakhuzako maliro a anthu amenewa, choncho ndikuyankha zimene ndinaona ndi maso.

Mawu akuti "basi" uwachotse, chifukwa kwa anthu amene unakwatirako ntchito si chinthu chaching'ono. Dzina lawo linachokera kwa Menno Simons, wansembe wa ku Netherlands amene anachoka mu mpingo wa Katolika mu 1536 n'kugwirizana ndi anthu amene ankabatiza akuluakulu okha, amenenso ankakana kulumbira ndi kugwira zida za nkhondo. Chikhulupiriro chimenechi chinawasamutsa kambirimbiri. Ambiri anakakhala kudera lina la Prussia limene lero lili m'dziko la Poland, kenaka kuyambira 1789 anasamukira kumwera kwa ufumu wa Russia, kumene lero ndi Ukraine, ndipo boma la kumeneko litayamba kufuna kuti anyamata onse azilowa usilikali, ananyamukanso. Mu 1874 mabanja 18 anafika pa chidikha cha Manitoba n'kumanga mudzi wa Steinbach. Ambiri mwa obwera nthawi imeneyo anapulumuka chisanu choyamba m'timakumbi tokumba pansi tofolera ndi zibuma za udzu, timene m'chinenero chawo cha Plautdietsch amati semlin, m'dziko limene kuzizira kumatsika kupyola madigiri 30 pansi pa ziro. Anthu amene amakana ulemu wa nkhondo ndi wa maudindo anatsala ndi munda, banja ndi mpingo, ndipo munthu amayesedwa pa zitatu zimenezi. Apongozi ako akamadzuka kusanache kukakama ng'ombe, tsiku ndi tsiku, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe, ankapitiriza zimene makolo awo anawolokera nyanja.

Za kulira, usaweruze msanga. Pa maliro amene ndinapitako, mayi wamasiye anaima pambali pa bokosi lotsegula, osatulutsa mawu, n'kugwira dzanja la amuna awo, dzanja la zala zokhuthala ndi zikhadabo zong'aluka, ndipo analisisita kwa nthawi yaitali mpaka mwana wawo wamkulu anawagwira paphewa. Nyimbo itayamba, tchalitchi chonse chinaimba m'mawu anayi, madoda a imvi akutsitsa besi misozi ikuyenderera m'masaya. Ndinazindikira kuti chisoni chimene ife timachitulutsa ndi mfuu, iwo amachitulutsa m'nyimbo. Iweyo misozi ikabwera usaibise, palibe amene adzakudabwe, koma usaganize kuti akazi ako sakumva kuwawa poti ali chete. Ukhale nawo pafupi.

Tsopano za mawu ako. Kwathu tikamapereka mbiri ya malemu timakonda kunena kuti mtengo waukulu wagwa, kuti mudzi watsala pa dzuwa, ndipo zimakhala bwino chifukwa makutu athu anazolowera. Kumeneko kutamanda munthu mopyola kumawachititsa manyazi, pakuti anaphunzitsidwa kuyambira ali ana kuti kudzikuza ndi tchimo ndipo kudzichepetsa ndiye ulemu wa Mkhristu. Tsiku lobadwa, la ubatizo, la ukwati ndi chiwerengero cha ana ndi zidzukulu, zimenezo abale adzawerenga okha. Iwe udzanene zinthu ziwiri kapena zitatu zimene unaona ndi maso ako. Ngati anakuphunzitsa kuyendetsa thirakitala osakukalipira pamene unalakwitsa, nena zimenezo. Ngati unadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti anakuchotsera kale chipale chofewa pakhomo n'kubwerera osagogoda, nena zimenezo, ndipo udzaona mitu ikugwedezeka m'tchalitchi monse chifukwa anachitiranso ena. Usanalembe, ukafunse kaye apongozi ako aakazi ndi alamu ako ngati pali chimene sangafune kuti chinenedwe pagulu. Usatalikitse, ndipo usawapake zabwino zimene analibe.

Pali chinthu china chimene ndikunena chifukwa ndakula. Abambo olimbikira ntchito chotere, kaya ku Manitoba kaya kwathu kuno, kawirikawiri sakhala olankhula, ndipo ana awo ena amakula osamvapo bambo akuwayamikira ndi pakamwa. Mwina akazi ako ali ndi kabala kotere mumtima. Zimenezi si za pagulu, koma usiku akayamba kuzitchula uwamvetsere, osawadula mawu ndi kuwakumbutsa kuti bambo anali munthu wabwino. Akudziwa kale, ndipo kudandaula kwawo sikuchotsa chikondi.

Mukachoka ku manda mudzakhala pansi pa chakudya chimene amati faspa: khofi, tchizi ndi timabanzi tosanjikiza tiwiritiwiri totchedwa zwieback. Usachione kuchepa poyerekeza ndi nsima ndi ndiwo za pa maliro a kwathu. Idya, ndipo uthandize kutola makapu. Nthawi zambiri pamenepo amapereka mpata woti aliyense wofuna aimirire n'kunena chimene akukumbukira, ndipo ndi pamene udzamve zambiri za apongozi ako zimene sunkazidziwa. Za chipepeso, mabanja ambiri amapempha kuti ndalama zipite ku ntchito zachifundo monga Mennonite Central Committee, bungwe limene linayamba mu 1920, kapena Canadian Foodgrains Bank, limene linakhazikitsidwa mu 1983 ndipo lathandizapo pa njala m'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi. Tsatira chimene banja lasankha, ndipo uwafotokozere makolo ako kumudzi kuti asakhumudwe akamva kuti chipepeso chawo sichinalowe m'manja mwa amasiye.

Mwambo wathu wosasiya namfedwa yekha ukhale nawo. Alendo akabalalika, nyumba ya apongozi ako aakazi idzazizira, choncho uzipitako ndi ana Lamulungu lililonse masana osadikira kuitanidwa. Ndipo m'mawa wa tsiku lotsatira maliro ng'ombe zija zidzafuna kukamidwa pa nthawi yake yomweyo, ndiye uvale majombo ukapeze alamu ako ku khola asanakutume.