Mwana akukodza magazi, agogo ake akuti ndi kukula

Funso: Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 wakhala akukodza magazi kwa miyezi itatu, madontho chabe pomaliza kukodza. Agogo ake akuti ndi kukula. Ndinamugulira Bactrim kugolosale, sizikusintha. Kodi wayamba za atsikana? Mayi wa ku Kachulu, Zomba.

Yankho: Mayi, za atsikanazo mtima pansi, musamukalipire mwanayo. Magazi otuluka pomaliza kukodza, kwa mwana wokulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kawirikawiri ndi likodzo. Limatengedwa m'madzi. Tizilombo take timachokera mu nkhono, timaboola khungu mwana akamasambira, kuwedza kapena kuthandiza m'munda wa mpunga. Tikakula timakhala m'mitsempha ya chikhodzodzo n'kumaikira mazira. Mazirawo ndi amene amacheka chikhodzodzo, ndiye magazi mukuwaonawo.

Agogo ndimawalemekeza, koma pamenepa ayi. Mnyamata satha msinkhu ndi magazi mumkodzo. Chikhulupiriro chimenechi chinamera chifukwa m'midzi ya kunyanja anyamata ambiri amakodza magazi pa msinkhu womwewu, poti ndi amene amaswera m'madzi. Kuchuluka kwa odwala sikusandutsa matenda kukhala kukula. Mazira aja akakhalitsa amasiya zipsera, amatha kutseka njira yochokera ku impso, ndipo patapita zaka ena amadwala khansa ya chikhodzodzo. Panopa akumuchepetsera magazi m'thupi, n'kutheka kuti ndi chifukwa chake amatopa msanga.

Miyezi itatu ndi yambiri, mayi. Ndipo Bactrim sapha nyongolotsi za likodzo, msiyeni.

Mawa lomwe pitani naye kuchipatala. Akapereke mkodzo pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri, ndipo madontho omaliza alowe m'botolo. Likodzo likapezeka, mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Piritsi limodzi ndi mamiligalamu 600, choncho mwana wa makilogalamu 30 amamwa awiri. N'chifukwa chake ayenera kukwera pa sikelo, osati kungoyerekeza. Adye kaye nsima kapena phala, apo ayi amamva chizungulire ndi mseru. Magazi akapitirira patatha mwezi, bwererani, chifukwa mankhwalawa sapha bwino tizilombo tomwe tisanakule. Abale ake osambira naye tengani akayezedwenso, atsikana omwe.

Mazira akapanda kupezeka musangobwerera kunyumba. Achipatala afufuze matenda a m'njira ya mkodzo, miyala kapena vuto la impso. Mwanayo akatupa nkhope, kutentha thupi kapena kulephera kukodza, musadikire kuti kuche.