Achemwali, ya nyanga sikisiyo isiyeni kaye

Halo achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha. Uthenga wanu ndauona m'mawa, koma ndinali pa makwerero kwa kasitomala wina ku Namiwawa, manja onse ali ndi mawaya. Kulemba kwandikanika, ndingoyankhula. Amene bandulo yakutherani m'gulu muno mundikhululukire, italikirapo pang'ono.

Ndiye ngati ndamva bwino, mukuti intaneti yomwe muli nayoyo ikangokwana 7 koloko madzulo imayamba kuzungulira, mwatopa nayo, mukufuna kusamukira ku kampani ina. Funso lanu ndi loti kodi mu router yakaleyo mungangoikamo sim yatsopano, kapena mugule ija anakuonetsani m'shopu ku Area 2, ya nyanga sikisi. Kwinaku alamu akuti zonsezi n'kutaya nthawi, bola Starlink basi, intaneti ija yochokera ku setilaiti kudzera pa dishi.

Tiyambe ndi ya nyanga sikisiyo, poti ndi imene ikufuna kukudyerani ndalama lero lomwe. Chithunzi mwatumizacho ndachikulitsa. Kumbuyo kwake kuli mabowo a waya, limodzi la mtundu wina lolembedwa WAN, koma polowetsa sim palibe. Router yotereyi payokha intaneti ilibe, imadikira kuti wina ayipatse kudzera pa waya, iyo n'kungoyigawa m'nyumba. Mukanafika nayo kunyumba, magetsi ake n'kuyaka bwinobwino, mafoni onse n'kuonetsa WiFi yodzadza, koma WhatsApp osatseguka. Wogulitsayo mwina sanakunamizeni, router yake ikhoza kukhala yabwino ndithu, kungoti sanakufunseni kuti intaneti imalowa bwanji m'nyumba mwanu. Imalowa pa sim, pa waya wa fibre, kapena pa dishi? Router imasankhidwa mukayankha kaye funso limenelo. Nyanga zija n'zoponyera WiFi m'zipinda, sizikoka netiweki ku tawala ayi.

Tsopano yakaleyo. Ma router ambiri amene timagula ku makampani a mafoni amabwera olokedwa, amalola sim ya kampani yomweyo basi. Kudziwa kwake n'kosavuta. Bwerekani sim ya kampani inayo, zimitsani router, chotsani yakale, ikani yobwerekayo, muyatse. Mukalowa mu ma settings ake n'kukufunsani code, dziwani kuti ndi yolokedwa. Ikailandira koma intaneti osabwera, musafulumire kuitaya, nthawi zambiri imakhala nkhani ya APN, timawu tochepa tomwe timauza router kuti ilowere khomo liti. A kampani yatsopanoyo amakuuzani, ndipo kulemba kwake ndi mphindi ziwiri. Polowa mu ma settings a router, ngati ndi ya Huawei, mumatsegula browser pa foni n'kulemba 192.168.8.1. Ngati ndi ya mtundu wina, nambala yake ili pa kapepala komata kunsi kwa router. Anyamata a m'tauni adzakuuzani kuti akhoza kuiflasha, ndiye kuti kusintha pulogalamu ya mkati mwake kuti ilole sim iliyonse. Zina zimatheka, zina zimafera pomwepo, ndiye ngati mukuidalirabe musawapatse.

Koma achemwali, musanagule chilichonse, ngakhale musanalembetse ku kampani yatsopanoyo, ndikufuna muchite chinthu chimodzi. Vuto lanu la madzulolo sindikuliika pa router. Ikanakhala router, bwenzi ikuvuta ndi m'mawa womwe. Chimene chimachitika n'choti anthu onse a ku Area 49 akaweruka, aliyense ali pa TikTok, wina pa mpira, wina pa YouTube, ndipo onsewo akumwa pa tawala imodzi. Zili ngati pa mjigo m'mawa, ngakhale mubwere ndi ndowa yatsopano mzere ndi womwewo. Ndiye kampani inayo nayonso tawala yake ikhoza kukhala yodzadza nthawi yomweyo, inu simukudziwa. Neba wanu akakuuzani kuti kwake imathamanga, sizikutanthauza kuti kwanu ithamanganso, nyumba ziwiri zoyandikana zimasiyana chifukwa cha mpanda, mtengo kapena kachitunda.

Chitani chonchi. Gulani sim ya kampani mukufunayo, kaya ndi TNM kaya ndi Airtel, musaiwale chiphaso cha unzika polembetsa. Ikani mu foni, gulani kabandulo ka tsiku limodzi. Ikakwana 8 koloko usiku, zimitsani WiFi pa foniyo, tsegulani fast.com, ikuonetsani nambala ya liwiro la intaneti, lomwe limayezedwa mu Mbps. Yesani pabalaza, yesani pa windo la kuchipinda kwanu, yesani kukhitchini. Mawa lake bwerezani, mkuja bwerezaninso, ndipo limodzi mwa masikuwo likhale Loweruka. Lembani manambalawo pa pepala. Ngati madzulo ikumafika 10 kapena kuposa osagwagwa, ana aphunzira, inu muimba video, TV iyenda. Ngati ikumatsika kufika 1 kapena 2 ngati yakaleyo, mukhala mwangosintha mtundu wa sim basi, ndalama zapita.

Dikirani kaye, galimoto ikudutsa... eya.

Tinene kuti mayesowo ayenda bwino, ndipo yakaleyo ndi yolokedwa. Apa ndiye mugule. Muuzeni wogulitsa kuti mukufuna 4G router ya sim yosalokedwa, kuti mawa kampani iyi ikakukhumudwitsaninso mungosolola sim n'kuika ina, osagulanso bokosi. Pa katoni yang'anani mawu akuti Cat, osonyeza liwiro lomwe router ingafike pa 4G. Cat 4 ndi zofala zija, monga Huawei B311 kapena TP-Link MR6400, pa pepala zimafika 150 Mbps. Cat 6 imafika 300, chifukwa imatha kugwira misewu iwiri ya netiweki nthawi imodzi, chimene pa foni chimalembedwa kuti 4G+. Manambala amenewo simudzawaona m'nyumba mwanu, musadzandiimbire kuti ndinakunamizani. Koma pamalo pomwe tawala imapereka 4G+, ya Cat 6 imapirira bwino madzulo kuposa inzake. Ine ndalama zikalola ndimasankha imeneyo, monga TP-Link Archer MR600. Zikavuta, Cat 4 si yochititsa manyazi, nyumba zambiri zikuyendera yomweyo.

China, ikhale ya dual band, ndiye kuti yoponya WiFi pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Ya 2.4 imaboola makoma n'kufika patali koma ndi yodzadza, ma router onse a maneba ali pomwepo. Ya 5 imathamanga koma njerwa zowotcha ziwiri zitatu yafooka. TV ya pabalaza muike pa 5, mafoni a kuchipinda pa 2.4. Apa samalani, anthu ambiri amapusitsidwa. Mukaona dzina la WiFi likuthera ndi 5G, si 5G ya netiweki ija imalengezedwa ija ayi, ndi 5 GHz ya m'nyumba. Wina akakuuzani kuti router ndi ya 5G pamtengo wa 4G, ndiye akunena imeneyi. Router yeniyeni ya 5G ndi yodula kwambiri, ndipo ngati kwanuko 5G siinafike, igwira ntchito ngati ya 4G basi.

Muonenso kumbuyo ngati ili ndi timabowo tiwiri tomangirapo antena yakunja. Nyumba yanu ija ndi ya malata, mawindo ali ndi zitsulo, mpanda wautali. Tsiku lina mukhoza kufuna kukweza antena padenga, ndiye mabowowo akhalepo.

Ndipo musatuluke m'shopu musanaiyese. Pitani ndi sim zonse ziwiri, ayatse pomwepo, muone ndi maso anu kuti zonse zikugwira, akupatseni lisiti. Ine zinandionekera. Ndinagula ina kwa mnyamata wina wochokera ku Joni, yokongola, yotchipa, ili m'katoni mwake. Kufika kunyumba, pulagi yake yosalowa m'soketi zathu, ndakasaka adaputa. Kuika sim, ikufuna code, inali yolokedwa ku kampani ya komweko. Kumuimbira mnyamata uja, foni yake siinapezekenso. Mpaka lero ili pamwamba pa wadirobu, mlamu wanu amandiseka nayo.

Ka MiFi kam'thumba kaja musakawerengere pa nyumba yonse. Ndi kabwino pa ulendo, koma kwanu kuli mafoni angati? Inu, alamu, ana atatu, mtsikana wantchito, TV, laputopu. Kazingotentha, ndipo batire yake ikamakhala pa chaja usana ndi usiku imafufuma.

Poika pake, iii, apa ndiye ndimakangana ndi makasitomala tsiku lililonse. Munthu agula router yabwino n'kuitsekera m'kabati ya TV, pansi, kuseri kwa decoder, ataifunditsa kansalu koluka kuti isade. Ayi. Ikhale pamwamba, poyera, pafupi ndi windo lomwe pa mayeso aja linakupatsani nambala yaikulu. Kusuntha router mamita awiri okha nthawi zina kumaposa kugula yatsopano. Ku boys' quarter WiFi ikakana kufika, musalimbane nayo, kokani waya kuchoka pa router kukafika kumeneko. Apo ndiye ya nyanga sikisi ija ingapeze ntchito, kukhala yachiwiri yolandira pa waya.

Za magetsi. Ma router ambiri amadya 12V, ndipo amadya pang'ono kwambiri. Pali tima UPS tating'ono, kukula ngati buku, topangira router. Magetsi akazima iko kamapitiriza kwa maola angapo, mwana amene akulemba MSCE uja osadukizidwa. Koma werengani pa chaja ya router yanu kaye, zina ndi za 9V, ndipo kamutu kolowetsa kamasiyana. Muikenso pa surge protector. Nthawi ya mvula ziphaliwali zikayamba, kapena magetsi akabwera mwamphamvu, choyamba kupsa ndi chaja, tsoka likakula ndi router yomwe.

Tsopano alamu ndi Starlink yawo. Alamu, ndikudziwa mukumvetsera. Starlink inafika kuno mu 2023, ndipo imagwira ntchito, sindikutsutsa. Siidalira tawala ya m'dera lanu. Koma imabwera ndi router yakeyake, ndiye mukasankha imeneyo nkhani yogula router yatha, musagule china chilichonse. Zoti muganizire ndi izi: dishi yake imafuna kumwamba koyera, ndipo mtengo wa mango uli kuseri kwanu uja sindikudziwa ngati achemwali angalole kuti udulidwe. Imadyanso magetsi ochuluka kuposa router ya sim, ka UPS ndanena kaja sikangainyamule, pamafunika inverter kapena sola. Kuonjezera apo kugula zida, ndi kulipira mwezi ndi mwezi. Kumudzi kwa amayi, komwe netiweki timakaisaka pa chulu, ndingavomere mawa lomwe. M'tauni yesani kaye sim.

Ngati mumsewu mwanu mwadutsa fibre, funsani. Imeneyo ndiye siisamala za tawala. Amabwera okha, amakhoma kabokosi pakhoma, ndipo kawirikawiri amabweretsa router yawo. Muwafunse ngati routeryo ikhala yanu kapena yobwereka, komanso ngati amalola kuikapo yanu. Akalola, akupatseni username ndi password ya PPPoE, njira yomwe router imalowera ku intaneti yawo, ngati amagwiritsa ntchito imeneyo, muzisunge. Ndipo router ya fibre mabowo ake akhale a gigabit, ndiye kuti ofika 1000 Mbps. Zotchipa zambiri zimathera pa 100 Mbps, nyanga zili mbwee koma khomo lili laling'ono.

Funso lomwelo mukafunsenso kumene mukuchokako. Router muli nayoyo munagula, kapena anakubwerekani pa mgwirizano? Pezani pepala lomwe munasaina. Ndipo musathetse yakale yatsopano isanayende sabata yathunthu.

Mawu akuti unlimited nawonso muwafunse bwino. Ambiri amakhala ndi malire obisika, mukadutsa ma GB akutiakuti amakuchepetserani liwiro mpaka mwezi uthe. Afunseni kuti malirewo ndi angati. Kumbukirani kuti foni ikaona WiFi imayesa ndi zaulere, imayamba kudzipanga update, kutumiza zithunzi zonse ku Google, usiku inu muli mtulo. Netflix yokha pa HD imatha kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi. Mu mafoni a ana mulowe pa WiFi settings, muike kuti ndi metered, ndiye kuti ya bandulo yotha, muona kusintha.

Kanzeru kena kakang'ono. Router yatsopano mukaipatsa dzina la WiFi ndi password zofanana ndendende ndi zakale, mafoni onse ndi TV zilumikizika zokha, simuvutika kulowetsa chimodzichimodzi. Koma kwanuko, mmene ndinaonera pa Khrisimasi ana a maneba atatsamira mpanda wanu aliyense ali ndi foni m'manja, ine ndikuti sinthani zonse. Musinthenso password yolowera mkati mwa router, ija imabwera ili admin, apo ayi mdzukulu wanga wamkulu uja aziisintha yekha mukamulanda foni.

Ndiye panopa musagule kanthu. Tembenuzani router yakaleyo, jambulani kapepala kakunsiko, munditumizire kuti ndione model yake. Koma ku inbox achemwali, osati m'gulu muno, pakapepalapo pali password yanu ndipo amalume ali pafupi nanu. Manambala a mayeso aja munditumizire Lamlungu. Kasitomala akundiitana, moni kwa alamu ndi ana.