Marozi anu sanafe, mayi, musawazule

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti chaka chatha mu Okotobala anagula marozi asanu a m'machubu kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Poyamba anachita maluwa okongola, koma mvula itakhazikika mu Januwale masamba anayamba madontho akuda, kusanduka achikasu, kenako kuyoyoka onse. Tsopano patsala timitengo taminga, ndipo awiri mwa iwo atulutsa nthambi zazitali zobiriwira bwino koma zopanda duwa ngakhale limodzi. Funso lawo ndi lakuti: azule n'kuyambiranso? Nanga ndi maluwa ati amene angadzale kamodzi n'kumaphuka okha chaka ndi chaka?

Mayi, khasulo liikeni kaye pansi. Tengani mpeni, mupale pang'ono khungwa la nthambi imodzi. Ngati m'kati muli mobiriwira ndi monyowa, mtengowo uli moyo, wangofooka. Rozi ndi wopirira kuposa mmene ambirife timaganizira.

Madontho akudawo ndi matenda a chuku, amene m'masitolo a zaulimi amawatchula kuti black spot. Amafala pamene tsamba lakhala lonyowa kwa maola ambiri motsatizana, ndiye kwathu kuno kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi nthawi yake yeniyeni. Mvula ikamenya pansi imathovutsira matendawo kuchokera pa masamba ogwa kupita pa masamba a m'munsi, kenako amakwera. N'chifukwa chake mukakumbukira bwino mupeza kuti masamba oyamba kuyoyoka anali apansi. Ntchito yaikulu pano si ya mankhwala ayi, ndi ya manja. Tsamba lililonse lodwala, kaya lili pamtengo kaya lagwa, litoleni mukalitenthe. Musaliponye m'dzenje la kompositi, mudzalibweza nokha m'munda. Ngati mukufuna kupopera, Dithane yemwe alimi a tomato ndi mbatata ya kachewere amamudziwa uja amathandiza, koma amateteza tsamba labwino, sachiza lomwe lagwidwa kale. Ndiye kupopera kumayamba mvula ikangoyamba, osati masamba atatha. Muyezo tsatirani wolembedwa papaketi, ndipo ana ndi nkhuku zikhale kutali.

Za nthambi zazitali zopanda maluwa zija ndi zimene zandikhudza kwambiri, chifukwa ineyo zinanditayitsa chaka chathunthu. Marozi ambiri abwino amakhala omezanitsa: mizu ndi ya rozi wam'tchire wolimba, pamwamba pake ndi pomwe anaphatikizapo diso la rozi wamaluwa okongola. Pokumanira pake pamakhala kachotupa ngati bondo, pafupi ndi dothi. Wapamwambayo akafooka, wapansi amapezerapo mwayi n'kutulutsa mphukira zake. Ine ndinali ndi rozi wofiira pafupi ndi khonde. Atatulutsa nthambi ziwiri zonenepa ndinasangalala, ndinazimangira pa kansungwi, kuzithirira m'mawa uliwonse ngati mwana. Mayi anga aang'ono atabwera kudzacheza anagwada, kufukula dothi ndi chala, n'kundionetsa kuti nthambizo zachokera pansi pa bondo lija. Wofiira wanga anali atauma kale pakati pake, ine ndikulera mlendo.

Fukulani inunso muone. Ngati mphukira yachokera pansi pa chotupacho, itsatireni mpaka pomwe yayambira, muikhadzule ndi dzanja mutavala magolovesi. Mukangoidula pamwamba pa dothi imabweranso ndi anzake awiri. Koma ngati palibe chotupa chilichonse, ndiye kuti rozi wanu anachita kudzalidwa kuchokera ku kanthambi, monga amachitira ambiri ogulitsa m'misewu, ndipo mphukira zonsezo ndi zake. Pamenepo vuto lingakhale mthunzi kapena chakudya.

Rozi amafuna dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku, makamaka la m'mawa lomwe limaumitsa mame msanga. Pansi pa mango kapena mopanikizana ndi mpanda wa njerwa sangachite bwino, mpweya suyenda. Pa chakudya, ambirife timangotapa feteleza wotsala ku chimanga. Yureya amakulitsa masamba ofewa omwe nsabwe zimakonda, maluwa n'kusowa. Wa 23:21:0+4S uja, onani nambala yachitatuyo: ziro. Mulibe potaziyamu, pomwe ndi amene amathandiza maluwa ndi kulimbitsa mtengo ku matenda. D Compound wa alimi a fodya ali naye, kadzanja kamodzi mozungulira tsinde, osakhudzitsa, n'kuthirira bwino. Phulusa la nkhuni nalonso lili ndi potaziyamu, koma pang'ono chabe, osati kukhuthula mbaula yonse pa mtengo umodzi. Choposa zonsezi kwa ine ndi manyowa a ng'ombe owola bwino, aja akuda ofumbutuka osanunkha. A nkhuku aawisi amawotcha mizu.

Tsopano kudulira, komwe ambiri amaopa. Nthawi yake ndi yozizira, kumapeto kwa Juni mpaka mu Julaye, mtengo ukapumula. Pezani sizasi yodulira maluwa yakuthwa, chikwanje chimaphwanya nthambi. Chotsani zouma, zopyapyala kuposa pensulo, ndi zopingasana m'kati. Musiye nthambi zolimba zitatu kapena zisanu, zofika m'bondo, m'kati mwake mukhale mwapululu ngati mbale. Podula, yang'anani diso loloza kunja, mudule pamwamba pake pang'ono, mopendeka kuti madzi asakhazikike. Masamba otsala athotholeni onse. Mukamaliza mtima udzakupwetekani, munda udzaoneka ngati mwadutsa mbuzi. Koma thirani manyowa, thirirani, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okotobala, pamene udzu wonse wa mu Lilongwe wauma ndipo fumbi lili paliponse, ndi pomwe rozi amachita maluwa ake abwino kwambiri.

Chilimwe chimafuna madzi, ndipo ndikudziwa kuti bilu ya madzi si yamasewera. Musamawaze pang'onopang'ono tsiku lililonse, mizu imazolowera kukhala pamwamba. Pangani kabeseni ka dothi mozungulira tsinde, muthire theka la ndowa ya malita 20 kapena kuposerapo, kawiri pa sabata, m'mawa, patsinde osati pamasamba. Madzi otsukira ndiwo zamasamba ndi mpunga musataye. Phimbirani ndi udzu wouma kapena mankhusu a mpunga, koma musiye mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde chifukwa chiswe chimatsata zouma. Nsabwe zobiriwira zikaunjikana pa nsonga, ine ndimangozifikisa ndi zala kapena kuzipopera madzi a masamba a nimu osinja ogonetsa usiku.

Ngati mwa asanuwo wina wafadi, pogula wina funsani Iceberg. Ndi rozi woyera wochita maluwa m'magulumagulu, anatulutsidwa ndi a Kordes a ku Germany mu 1958, ndipo wafala kum'mwera kwa Africa kuno chifukwa ngakhale agwidwe madontho amadzukanso msanga. Kumbani dzenje la masentimita 60 mulifupi ndi kuya komwe, musakanize dothi lapamwamba ndi manyowa. Ine ndimakonda kudzala mvula ikamatha, cha mu Epulo kapena Meyi, kuti mtengo ugwire usanakumane ndi matenda.

Funso lanu lachiwiri ndi losavuta. Agapanthus, wa masamba ngati malamba ndi maluwa obiriwira ngati thambo pa phesi lalitali, kwawo ndi ku South Africa ndipo kuno amakhala ngati kwawo. Amachita maluwa cha mu Novembala ndi Disembala, amapirira chilala, ndipo pakapita zaka zitatu kapena zinayi mumakumba phata n'kuligawa. Daylily duwa lake limakhala tsiku limodzi lokha, koma mawa lina latsegula kale. Canna amakonda chinyezi, muikeni komwe kumathera madzi a pampopi. Geranium mumangothyola kanthambi, kukasiya kafote tsiku limodzi, n'kukazika. Amadana ndi madzi odikha, ndiye ali bwino m'miphika pakhonde. Hydrangea ndimamukonda, koma amasangalala kozizira ngati pa phiri la Zomba, ku Dedza ndi ku Mzuzu. Kwanu ko Okotobala amamuwaula pokhapokha mutamupezera mthunzi wa masana. Chenjerani ndi Gloriosa, duwa lofiira ndi chikasu lokwawa lija limamera lokha m'tchire nthawi ya dzinja, lomwe ndi duwa la dziko la Zimbabwe. Ndi lokongola, koma chomera chonsecho ndi chapoizoni, makamaka mizu yake yooneka ngati kambatata, ndiye pakhomo pa ana aang'ono ayi.

Zambiri mwa izi simufunika kugula. Mukaona agapanthus wothithikana pakhomo pa anansi kapena kwa mnzanu wa kumvano, pemphani akamagawa. Podzala, musiye pafupifupi mita imodzi kuchokera pa marozi kuti mizu isalimbirane ndipo mphepo izidutsa. Mukafukula paja n'kupeza chotupa, ndijambulireni chithunzi musanakhadzule chilichonse, tionere limodzi.